Khosi la njinga likayamba kugogoda

Aliyense amene anayendapo m'mamawa pa msewu wochokera ku Nkholongue kupita ku Metangula akulidziwa phokoso limeneli. Njinga ikagunda kamwala, kapena mwini wake akangokoka buleki, kutsogolo kumamveka kuti go! ngati munthu wagogoda kamodzi pa chitseko nkuthawa. Ena amati ndi madigadi. Ena amati njinga yangokalamba basi. Ambiri amangolizolowera mpaka kuleka kulimva, monga momwe anthu a kunyanja samvera phokoso la mafunde.

Koma kawirikawiri kugogoda kotere kumachokera pa khosi la njinga, paja pamene foloko imalowa mu felemu nkukakumana ndi mahandulo. Pamenepa mpamene pagona chiwongolero chonse. Tcheni chikaduka munthu amatsika nkuyamba kukankha. Chubu chikabooka amamata. Koma khosi likakana pa mtsetse, munthu sapatsidwa mpata woti atsike mwaulemu.

Nkholongue ndi mudzi wa m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago, chigawo cha Niassa, ndipo uli kumwera kwa Metangula pa mtunda wa makilomita oposa 10. Kumbuyo kwa mudziwu kuli mapiri, kutsogolo kuli madzi, kotero amene sakwera bwato njira yake ndi yomweyo ya fumbi, miyala ndi mchenga. Msika waukulu, chipatala ndi maofesi a boma zili ku Metangula. Chithereni nkhondo, pamene boma ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome pa 4 October 1992, njinga zinachuluka kwambiri m'midzi ya Mozambique, mwakuti mu 2008 Joseph Hanlon ndi Teresa Smart anafika polemba buku lofunsa ngati kuchuluka kwa njinga ndiye kuti dziko latukuka. Mtsutso umenewo ngwa anthu ophunzira. Kwa munthu wa ku Nkholongue njinga ndiyo imanyamula usipa, makaka, thumba la simenti ndiponso wodwala, ndipo ikafa katundu yenseyu amabwerera pamutu ndi kumsana.

Zimene zinamuonekera bambo wina wa geni ya usipa zingaphunzitse ambiri. Njinga yake inagogoda kwa miyezi iwiri iye osalabadira. Tsiku lina mnzake anamuuza kuti vuto lili pakhosi, ndipo madzulo ake bamboyo anatenga chimsomali ndi mwala nkuyamba kukhoma mphete ya pakhosipo kuti izungulire, mpaka phokoso lonse linati zii. Anagona wokondwa. M'mawa mwake anamanga dengu la usipa pa kaliyala nkuuyamba ulendo, koma sanapite patali asanazindikire kuti njingayo yasintha khalidwe. Akafuna kukhota pang'ono inkakana, akaikakamiza inkakhota mopitirira. Atafika pa kamtsetse kena komwe kumunsi kwake kuli mchenga, gudumu lakutsogolo linalowera kumbali ndipo iye analephera kulibweza msanga. Anagwa chafufumimba, dengu nkumasuka, usipa wonse mbwee mu mchenga. Anapulumuka ndi mabala a m'zigongono, koma mtengo wa usipa wa mchenga pa msika aliyense akuudziwa.

Anaikankha njingayo mpaka ku Metangula kwa mkulu wina wokonza njinga patsinde pa mtengo wa mango. Mkuluyo sanathamangire sipanala. Ananyamula kutsogolo kwa njinga nkukankha mahandulo ndi chala chimodzi. Mahandulo anangoti njo, osasuntha.

"Achimwene, khosi ili wamanga ndani?" anafunsa mkuluyo.

"Ndamanga ndekha, madala. Limagogoda."

"Kugogodako mwakuthetsadi, koma khosilo mwalipotokola ngati la nkhuku ya alendo. Takhalani pansi apa muone m'mene timachitira, kuti tsiku lina musadzatayenso usipa."

Khosi la njinga lili ndi matenda awiri otsutsana, kukhwepa ndi kuthina, ndipo onse ndi oopsa. Mankhwala ake si mphamvu za mkono ayi. Munthu amayamba wapeza pamene pakugwedera, kenako nkumanga pang'onopang'ono mpaka kugwederako kutha chiwongolero chikadali chofewa.

Zimene zili m'kati mwa khosi

Njinga zambiri za m'midzi ya kunyanja ndi zija zakuda za mabuleki a tindodo tachitsulo, monga Hero ya ku India ndi Phoenix ya ku China, zomwe kapangidwe kake kanatengera njinga zakale za ku England. Pa njinga zotere felemu ili ndi kapaipi kafupi kutsogolo. Foloko nayo ili ndi paipi yake, yonenepa inchi imodzi, omwe ndi mamilimita 25.4, ndipo paipi imeneyi imadutsa m'kati mwa kapaipi ka felemu kaja nkukatulukira pamwamba. Kumapeto kwake ili ndi mazinga.

Kuti foloko izizungulira mosavuta, pali magulu awiri a timipira tachitsulo, tomwe ena amati mabering'i, gulu lina pansi lina pamwamba. Timipira tapansi timayenda pakati pa kapu yokhomeredwa mu felemu ndi mphete yokhomeredwa pa mapewa a foloko. Tapamwamba timayenda pakati pa chitsulo china chokhomeredwa mu felemu ndi mphete ya mazinga, yomwe imatsika kapena kukwera munthu akaizunguza. Mphete ya mazinga imeneyi ndiyo imalamula kuti khosi lithine kapena likhwepe. Pamwamba pake pamakhala washa wokhala ndi kadzino kolowa mu kamzere ka paipi, ndipo pa njinga zambiri pamakhalanso kachitsulo kopachikapo nyali. Pamwamba penipeni pali nati yaikulu. Ntchito ya natiyi si kuthinitsa khosi, koma kutsekera mphete ija kuti isayende yokha.

Kulemera kwa wokwera ndi kugunda konse kwa miyala ya mu msewu zimathera pa timipira tapansi. Khosi likakhala bwino, timipirati timakhudza chitsulo nthawi zonse ndipo timagawana mtolowo. Pakakhala mpata, ngakhale wochepa ngati kukhuthala kwa pepala, pa bampu iliyonse foloko imadumpha nkumenya timipira ngati hamala. M'kupita kwa masiku chitsulo chimakumbika timaenje, kapu imayamba kuvina mu felemu, ndipo pakamwa pa kapaipi ka felemu pamatambasuka. Nchifukwa chake vuto lomwe lero lingathe ndi sipanala m'mphindi zochepa, likalekereredwa limafuna makapu atsopano, ndipo likapitirira limadya felemu imene.

Kupeza pamene pakugwedera

Amati kuona maso a nkhono nkudekha. Mmisiri wodziwa ntchito amayesa njinga katatu asanamasule kalikonse, ndipo mwini njinga angathe kuchita chimodzimodzi pakhomo pake.

Poyamba, atsitse katundu yense, aime pambali pa njinga, akoke buleki yakutsogolo ndi dzanja limodzi, ndipo zala za dzanja linalo azigwiritse pa mpata wa pakati pa kapu yapansi ndi foloko. Kenako aikankhe njinga kutsogolo ndi kuikokera m'mbuyo mobwerezabwereza. Ngati khosi lakhwepa, zala zimamva zitsulo ziwirizo zikusemphana. Achite chimodzimodzi pamwamba. Apa zala nzodalirika kuposa makutu, poti phokoso la njinga limayenda m'zitsulo nkukamveka pomwe silinachokere.

Koma pa njinga za mabuleki a tindodo pali msampha. Mabuleki amenewa amakhala ndi kugwedera kwawokwawo, ndipo munthu akawakoka nkugwedeza njinga amamva go! go! ngakhale khosi lili bwinobwino. Njira yopewera bodza limeneli ndi kusiya buleki, nkutsamiritsa gudumu lakutsogolo pa tsinde la mtengo kapena pa khoma, kenako nkumakankha. Njira ina ndi kukhotetsa mahandulo mpaka gudumu litapingasa, nkugwedeza njinga ili choncho. Kugwedera kukamvekabe m'zala, ndiye kuti ndi khosi ndithu.

Kachiwiri, anyamule gudumu lakutsogolo pang'ono, ngati kutalika kwa chikhatho, nkulisiya kuti ligwe lokha. Njinga yabwino imangomveka kuti di, kulira kwa tayala. Ya khosi lokhwepa imaonjezera kaphokoso ka zitsulo.

Kachitatu ndiko kuyesa kuthina. Anyamule kutsogolo pogwira felemu, aipendeketse njinga pang'ono, nkuona ngati mahandulo akugwera okha kumbali mosajejema. Akakhala kuti akuima panjira, kapena akuyenda modukizaduka ngati muli mchenga, khosi lathina kapena lauma. Khosi lothina ndi loopsa kaamba koti munthu akamapalasa amakhala akuwongola gudumu pang'onopang'ono nthawi zonse mosazindikira, ndipo nzimene zimachititsa kuti njinga isagwe. Chiwongolero chikalimba, kuwongola kumeneku kumachedwa. Nzimene zinamugwetsa bambo wa usipa uja.

Pali zinthu zina zomwe zimanamizira khosi. Makoni a gudumu lakutsogolo akakhwepa, njinga imagwederanso, koma izi zimadziwika pogwira limu nkuikankhira kumanzere ndi kumanja, poti gudumu lokha ndilo limasuntha foloko ili chiimire. Manati a ekiselo angakhalenso omasuka. Mahandulo nawo angakhwepe paokha, ndipo poyesa munthu amapana gudumu pakati pa mawondo nkupotoza mahandulo. Akazungulira gudumu lili chikhalire, chofunika kumanga ndi bauti yaitali ya pakati pa mahandulo, osati khosi. Madigadi, belu ndi nyali nazo zimalira. Amene athinitsa khosi pomwe wolakwa ndi koni, amatsala ndi matenda awiri m'malo mwa amodzi.

Kamangidwe kake

Zikatsimikizika kuti khosi lakhwepa, zida zofunika ndi ziwiri: sipanala yaikulu ya nati yapamwamba, yomwe pa njinga zambiri imakhala ya mamilimita 32, ndi bobojani kapena pulayala yogwirira mphete. Amene alibe zida zimenezi ndi bwino abwereke kusiyana nkugwiritsa ntchito tchizulo ndi mwala. Tchizulo chimadya makona a nati, chimapweteka mazinga, ndipo choipitsitsa nchakuti munthu wokhoma samva m'manja kuti wafika poyenera kulekera.

Choyamba ndi kumasula nati yapamwamba, kuizunguza kamodzi kapena kawiri. Kenako mphete ya mazinga izunguzidwe ndi dzanja molowera kumanja, monga momwe mivi ya wotchi imayendera, pang'ono pokha, ngati theka la kota ya mzungulo wathunthu. Atatero munthu ayesenso kugwedeza. Ngati kugwedera kulipobe, aonjezere pang'ono chomwecho. Kukangotha, alekere pomwepo. Tsono agwire mpheteyo zolimba kuti isasunthe, nkumanga nati yapamwamba mwamphamvu. Mphamvu zimafunika pa nati yokhayi, osati pa mphete.

Ntchito sithera apa. Nati ikamangidwa imakanikiza mphete kuti itsikeko pang'ono, kotero khosi lomwe linali bwino nati isanamangidwe likhoza kupezeka lathina. Nkofunika kuyesanso zonse ziwiri, kugwedera ndi kufewa kwa chiwongolero. Likapezeka lathina, amasulenso nati, abweze mphete m'mbuyo pang'ono, amangenso. Ngakhale amisiri akale amabwereza kawiri kapena katatu, ndipo palibe chamanyazi. Khosi labwino ndi lomwe zala sizimva kugwedera koma mahandulo akugwa okha njinga ikapendekeka.

Eni njinga ena amawotcherera zitsulo zolimbitsa foloko, zochokera pa ekiselo kufika m'mwamba pafupi ndi mahandulo, kuti njinga izisenza katundu wolemera. Ngati zitsulo zotere zagwira pansi pa nati ya pakhosi, ziyambe zamasulidwa, apo ayi zimabisa kugwedera ndipo munthu sangadziwe ngati wamanga bwino.

Likakana kumvera

Nthawi zina munthu amapeza kuti akamanga pang'ono khosi likuthina, akabweza pang'ono likugwedera, pakati palibe. Apa ndiye kuti m'kati muli chowonongeka ndipo mpofunika kutsegula. Ntchito imeneyi isachitikire pa mchenga. Pansi payalidwe chitenje chakale kapena paikidwe beseni, chifukwa kampira kakagwera mu mchenga wa kunyanja kapita basi.

Amayamba ndi kumasula tindodo ta mabuleki. Kenako amamasula bauti yaitali ya mahandulo mizungulo ingapo nkuimenya pamutu kamodzi ndi hamala, poika kathabwa pakati, kuti kachitsulo kamene kamapana m'kati mwa paipi katsike. Mahandulo amazuka. Akachotsa nati, washa ndi mphete, foloko imatsika, ndipo apa dzanja lina likhale pansi kuwakha timipira. Tapamwamba ndi tapansi tiwerengedwe ndi kuikidwa padera. Zonse zitsukidwe ndi parafini, zipukutidwe ndi kansalu koyera, nkuziyang'ana padzuwa.

Ngati mu njira ya timipira muli timaenje tondondozana, chimenecho ndiye chimachititsa kuti mahandulo azikakamira pakati ngati ali ndi malo awoawo. Chitsulo chotere sichichira ndipo mankhwala ake ndi makapu ndi mphete zatsopano. Pongoyembekezera, ngati timipira tinali m'kakhola kotigwira pamodzi, amisiri amachotsa kakholako nkuika timipira tokhatokha. Timalowa tochulukirapo, kotero sitigweranso tonse m'timaenje takale nthawi imodzi. Koma uku nkungopepesa matenda, si kuchiza.

Timipira tikachita dzimbiri, tikaphwanyika kapena tikataya kuwala, tisinthidwe tonse pamodzi. Kusakaniza tatsopano ndi takale nkulakwa, poti tatsopano timakhala tokulirapo ndipo timasenza tokha mtolo wonse. Kukula kwake nako nkofunika. Makosi ambiri amalowa timipira ta 5/32 ya inchi, pafupifupi mamilimita 4, ndipo ena amalowa tochepera apo. Ta habu yakutsogolo kawirikawiri ndi ta 3/16, ta habu yakumbuyo ta 1/4, ndipo timeneti pakhosi sitiyenera. Chanzeru ndi kutenga kampira kamodzi kakale popita kukagula. Poika, apake girizi wambiri mu kapu kuti timipira timatirire, adzaze mzere wonse, kenako achotsepo kamodzi kuti totsalato tipeze mpata woyenda.

Kapu iyenera kukhala yokhomereka zolimba mu felemu. Ikakhala kuti ikutuluka ndi dzanja, khosi lidzagwederabe ngakhale mphete imangidwe chotani. Ngati mpata uli wochepa, amisiri amadula kachidutswa kopyapyala ka chitini nkukulunga kapuyo asanaikhomere, ndipo zimagwira ndithu. Pokhoma aike thabwa pamwamba kuti kapu ilowe mowongoka. Chimodzimodzi mphete ya pa mapewa a foloko, nayo siyenera kuzungulira yokha. Koma ngati pakamwa pa felemu pang'aluka, chitini sichithandiza, ndipo njingayo isakweredwe mpaka wowotcherera ataiona.

Pali vuto lina lomwe limazunguza ambiri. Munthu amamanga bwinobwino, koma pakatha masiku atatu khosi lakhwepanso. Kawirikawiri chimachitika nchakuti washa anatayika, kapena kachitsulo ka nyali kanachotsedwa, ndiye nati ikamamangidwa imakafika kumapeto kwa paipi isanakhudze mphete. M'manja imamveka yolimba chikhalirecho siinatseke kalikonse. Kuonjezera washa mmodzi kumathetsa nkhani yonse. Kadzino ka washa kakatha, nati imazunguza mphete pomanga, ndipo washayo asinthidwe.

Mazinga nawo amatha, makamaka ngati njinga yayenda nthawi yaitali khosi lili lokhwepa, kapena ngati wina anakakamizapo nati yachilendo. Njinga zambiri zili ndi mazinga 24 pa inchi, koma Raleigh zakale zopangidwa ku Nottingham zinali ndi 26. Pongoona ndi maso manati ake ndi ofanana, koma imodzi ikakakamizidwa pa paipi ya inzake imadya mazinga. Nati yoyenera imalowa ndi zala mizungulo ingapo isanafune sipanala. Ikakana pa mzungulo woyamba kapena wachiwiri, si yake.

Choopsa kuposa zonse ndi paipi ya foloko yopindika kapena yong'aluka. Njinga ikagunda chitsa kapena ikagwera m'dzenje ili ndi katundu, paipi imatha kupindika m'kati mosaoneka. Chizindikiro chake nchakuti khosi limathina mahandulo akakhota koma limagwedera akawongoka, kapena mosemphanitsa. Foloko ikatuluka, ayang'anitsitse patsinde pa paipi ndi m'mazinga ngati pali kamzere ka dzimbiri kapena penti wotukumuka. Mng'alu ukapezeka, folokoyo yatha ntchito. Foloko ikathyoka pa mtsetse munthu amatsogoza nkhope, ndipo palibe dengu la usipa lomwe lingalipire zimenezo. Anthu aatali amene amakonda kukweza mahandulo kwambiri asamalenso. Pa chitsulo chonyamula mahandulo nthawi zambiri pamakhala kamzere kosonyeza polekezera. Chikakwezedwa kupyola apo, kachitsulo kopana kaja kamatukumula paipi pa malo a mazinga, pomwe ndi popyapyala.

Njinga za makono

Masiku ano m'misika mukupezekanso njinga za magiya, zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Zina mwa izo zili ndi khosi la mtundu wina lomwe linayamba kufala m'zaka za m'ma 1990. Khosi limeneli lilibe mazinga ndipo lilibe nati yaikulu. Chitsulo chonyamula mahandulo chimakumbatira paipi ya foloko kunja ndi timabauti ta m'mbali, ndipo pamwamba pali kachivindikiro kokhala ndi bauti imodzi pakati. Zonsezi zimamasulidwa ndi kasipanala kopindika kotchedwa Allen key, ka mamilimita 4, 5 kapena 6.

Kayesedwe kake nkomweko, koma kamangidwe nkosiyana. Amayamba ndi kumasula timabauti ta m'mbali. Kenako amamanga bauti ya pamwamba pang'onopang'ono mpaka kugwedera kutha. Akatero amawongola mahandulo kuti alunjike ndi gudumu, nkumanganso timabauti ta m'mbali zolimba. Amene amanga bauti ya pamwamba ta m'mbali tisanamasulidwe sathetsa kanthu, amangothyola kachivindikiro kapena kuzula kachitsulo ka m'kati. Ngati bauti yamangidwa koma kugwedera sikukutha, achotse kachivindikiro aone. Paipi iyenera kutsalira pansi ndi mamilimita 2 kapena 3. Ikafika pamwamba penipeni, kachivindikiro kamakhala pa paipiyo osakanikiza kanthu, ndipo pofunika kuonjezera kamphete kamodzi. Pa njinga za foloko ya masipuling'i, folokoyo nayo imagwedera payokha ikatha, choncho zala zikhale pa khosi penipeni poyesa.

Kupewa

Mdani wamkulu wa khosi kunyanja ndi mchenga ndi madzi. Gudumu lakutsogolo limaponya mchenga molunjika pa kapu yapansi, makamaka njinga ikakhala yopanda madigadi, ndipo mchenga ukasakanikirana ndi girizi umapala chitsulo ngati tupa. Chizolowezi cholowetsa njinga m'nyanja poitsuka nchoononga, chifukwa madzi amalowa m'makapu nkutsalira momwemo. Chidebe ndi kansalu pamtunda nzokwanira. Amisiri ena amadula kachidutswa ka chubu chakale nkuveka pa kapu yapansi ngati sokosi pamene foloko yatuluka, ndipo kamatchinga mchenga bwino ndithu.

Khosi litsegulidwe ndi kupakidwa girizi watsopano kamodzi pa chaka, makamaka mvula ikangotha, ndipo njinga ya geni yoyenda tsiku ndi tsiku ingafune kawiri. Mafuta ophikira si girizi. Amayenderera, amauma nkusanduka phula. Katundu wolemera akhale pa kaliyala, osati wolenjekeka pa mahandulo. Njinga yatsopano, kapena yomwe yangoikidwa makapu atsopano, iyesedwe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, poti zitsulo zikamakhazikika khosi limakhwepako.

Nkhani ya ndalama nayo njoonekeratu. Timipira ndi girizi ndi zina mwa zinthu zotsika mtengo kwambiri pa njinga. Foloko ndi felemu si choncho, ndipo chitsulo chikasowa ku Metangula ndiye kuti mpaka ku Lichinga, mtunda wa makilomita oposa 100 kudzera ku Maniamba, kukwera kuchoka pa nyanja kukafika pamwamba pa mapiri. Masiku onse amene munthu akudikira chitsulo, geni imakhala itaima.

Bambo wa usipa uja anachita mwayi. Atatsegula khosi, mkulu uja anapeza kuti makapu akadali bwino, koma timipira tiwiri tapansi tinali titaphwanyika, girizi atauma gwa, ndipo washa munalibe. Chimenechi ndicho chinkamasula khosi kuyambira pachiyambi. Anaika timipira tatsopano, girizi ndi washa mmodzi, nabwereza kumanga katatu mpaka mahandulo anayamba kugwa okha. Kenako anamuuza mwini njingayo kuti aike yekha zala zake pa kapu yapansi nkugwedeza.

"Mukumva kanthu, achimwene?"

"Ayi madala, kuli zii."

"Kumeneko ndiye kukhala kwake. Muzitero m'mawa uliwonse musanamange dengu. Tsiku lomwe zala zidzamve kanthu, musadikire kuti makutu amvenso."

Kuyesa kumeneku sikutha ngakhale mphindi imodzi, ndipo sikufuna chida chilichonse. Pa kaliyala pomwe lero pakhala dengu la usipa, mawa pakati pa usiku pangakhale mayi woyembekezera kapena mwana wa malungo wothamangira naye ku chipatala cha ku Metangula, ndipo nthawi imeneyo si yoyamba kufunafuna sipanala.